Nanga Fumbi Tilembe Pati?

Mwezi uno tikupemphani kuti mulowe nafe m'nyumba ina yakale ya ku Kasanda, kuno ku Kabwe. Nyumbayo inali ya achemwali athu, mayi wamasiye, amene amuna awo anagwira ntchito ku mgodi wa mtovu ndi zinki kufikira pamene mgodiwo unatsekedwa mu 1994. M'zaka zotsatirapo, pamene nyumba za migodi ndi za makhonsolo zinkagulitsidwa kwa anthu okhalamo, alamu athuwo anaigula, nakhalamo mpaka tsiku limene tinakawaperekeza kumanda. Ana anakula nabalalika, wina ku Lusaka, wina ku Ndola. Tsono mu 2024 achemwali anatiitana natiuza kuti mtima wawo wabwerera kumudzi, ku Katete, ndipo afuna kugulitsa nyumbayo kuti akamange kanyumba ka zipinda ziwiri ndi khonde pafupi ndi pamene anagona amayi athu.

Achikulire akukumbukira mmene zinalili nyumba zimenezi zisanakhale zathu. Mpope ukaphulika kapena lata likabooka, munthu ankangokanena ku ofesi, n'kudikira amisiri. Pamene boma la Pulezidenti Frederick Chiluba linatsegula njira yogulitsa nyumba za makhonsolo kwa okhalamo mu 1996, ndipo za migodi n'kutsatira, tinasangalala, ndipo tinali ndi chifukwa chosangalalira. Koma pamodzi ndi makiyi tinalandiranso dzimbiri, chiswe ndi mawaya okalamba, pa nthawi imene ambiri mu tauni muno analibe ntchito. Aliyense anakonza monga anathera, nawonjezera chipinda pamene thumba linalola. Palibe amene ankalemba kanthu. Mbiri ya nyumba iliyonse inkakhala m'mutu mwa mwini wake, ndipo mwiniyo akamwalira, mbiriyo inkapita naye.

Wogula sanachedwe kupezeka. Anali mphunzitsi wachinyamata, wongosamutsidwira kumene ku Kabwe kuchokera ku Chipata, wa ana awiri: wina wa zaka 4, wina wongoyamba kukwawa. Kuno kwathu ambiri a ife timagula nyumba ndi maso: tiona utoto, tigogoda khoma, tifunsa ngati chikalata cha umwini chilipo, basi tagwirana chanza. Koma mphunzitsiyu anapempha chinthu chimene sitinachizolowere. Anati afuna lipoti lolembedwa, lonena za nyumba yonse kuyambira pa denga mpaka pa maziko, pakuti ndalama zake zinali za ngongole ya zaka zambiri, ndipo bambo ake anamulera ndi mwambi uja wakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mphwathu, mwana womaliza wa achemwali, anaphunzira za zomangamanga ku koleji, motero ntchito yoyendera nyumbayo inagwera iye. Koma popeza mwana sangakhale mboni yabwino pa malonda a mayi ake, mphunzitsiyo, amene amatidziwa ku tchalitchi, anati adzakhulupirira pepalalo ngati dzina lathu lidzakhala pansi pake. Tinavomera mofulumira, osadziwa kulemera kwa chimene tavomera.

Tinakumana Loweruka lina m'mawa, m'mwezi wa Seputembala. Mukukumbukira kuti chaka chimenecho madzi anachepa kwambiri ku Kariba, ndipo magetsi ankazima maola ambiri pa tsiku. Motero tinasankha ola limene oyandikana nawo anati mwina abwera. Ife tinafika ndi kope, pensulo ili kukhutu. Mphwathu anafika ndi foni yake, tochi ndi makwerero. Anatisonyeza pulogalamu ya m'fonimo, yopangidwira anthu amene ntchito yawo ndi kuyendera nyumba zisanagulitsidwe. Tisanaponde ngakhale pakhonde, pulogalamuyo inatiimitsa ndi funso.

"Amalume," anatero mphwathu, "ikufunsa kuti lipoti tilikonze motani: mwa zipinda, kapena mwa ziwalo za nyumba?"

Mawu akuti ziwalo ndi ake. M'fonimo munali Chingerezi, koma anatimasulira bwino. Kulemba mwa zipinda ndiko kuika pamodzi zonse zopezeka pabalaza, kenaka zonse za m'khitchini, kenaka za kuchipinda, monga momwe munthu amayendera. Kulemba mwa ziwalo ndiko kuiona nyumba ngati thupi: maziko ndi makoma ndiwo mafupa, mawaya a magetsi ndi mipope ya madzi ndiyo mitsempha yoyenda m'thupi lonse mosasamala za zitseko. Pamenepo zonse zokhudza denga zimakhala pa tsamba limodzi, kaya zaoneka m'khitchini kaya m'bafa.

Ife tinayankha msanga kuti mwa zipinda, ndipo tinali ndi chifukwa chathu. Ku sukulu ya mishoni kumene tinaphunzira, Loweruka lililonse mmishoni wina wokalamba, yemwenso ankatiphunzitsa ukalipentala, ankayendera malo ogona anyamata ali ndi kabuku m'manja. Ankayamba pa chitseko, n'kuzungulira chipinda motsata dzanja lamanja, kuyang'ana pansi, makoma, mazenera, kenaka kumwamba, mpaka atabwereranso pa chitseko chomwecho. Sankatuluka asanatsirize. Ankati munthu wodumphadumpha amaiwala ngodya, ndipo chiswe chimakonda ngodya yoiwalika. Njira imeneyo inatilowerera kotero kuti mpaka lero tikalowa m'nyumba ya eni, maso athu amayamba okha ulendo wa ku dzanja lamanja. Mayi a kunyumba atidzudzulapo kangapo za khalidwe limeneli pa maliro ndi pa zinkhoswe.

Mphwathu sanatsutse mwamwano, koma sanagonjenso. Anati ku maiko kumene ntchitoyi inakhazikika, oyendera nyumba ambiri amalemba mwa ziwalo. Ku America, bungwe la American Society of Home Inspectors, limene linayamba mu 1976, linagawa malamulo a ntchito yake motero: mafupa a nyumba, kunja kwake, denga, mipope, magetsi, zotenthetsa ndi zoziziritsa, m'kati, ndi zina. Ku Britain, a Royal Institution of Chartered Surveyors amagawa lipoti lawo mofananako: kunja kwa nyumba, m'kati, za magetsi ndi madzi, ndi malo ozungulira. Chilichonse amachipatsa nambala ndi mtundu wake: 1 wobiriwira ngati palibe chokonza, 2 wachikasu ngati chifunika kukonzedwa koma chingadikire, 3 wofiira ngati n'chachikulu kapena chofulumira. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Wokonza nyumba sabwera kudzakonza chipinda. Kalipentala amabwera kudzakonza denga, mmisiri wa magetsi amabwera kudzakonza mawaya, ndipo aliyense afuna tsamba lake kuti atchule mtengo.

Tinaona kuti dzuwa likukwera ife tikukangana pageti, motero tinapangana kuti tiyende mwa njira ya mmishoni uja, ndipo za kakonzedwe ka lipoti tidzaone pomaliza.

Pabalaza tinapeza zochepa: chitseko chokhula pansi, galasi limodzi losweka, ndi banga lofiirira pa siling'i, lalikulu ngati mbale. M'khitchini mpope wa pansi pa sinki unkadontha, ndipo pamwamba pa kabati panali banga lina laling'ono. M'kanjira kopita ku bafa utoto unali utatukuka cha kumwamba kwa khoma. M'bafa madzi ankatuluka mozengereza. Kuchipinda chachikulu tinapeza njira za chiswe kuseri kwa kabati ya zovala, ndi mng'alu pansi pa zenera. Pa mng'aluwo tinachedwapo pang'ono, pakuti ming'alu si yofanana. Wopyapyala ngati tsitsi kawirikawiri umakhala wa pulasitala chabe; koma wopingasa, wokula kumtunda kapena kumunsi, woonekera mbali zonse ziwiri za khoma, umanena za maziko. Wathuwu unali wa mtundu woyamba. Tinalemba kachizindikiro ka pensulo pamene ukuthera, ndi tsiku lake, kuti wodzakhalamo adzaone ngati ukuyenda. Chilichonse mphwathu ankachijambula, n'kulemba mawu ochepa, n'kusankha ngati n'chaching'ono, chapakati kapena chachikulu. Mabanga a pa siling'i onse tinawaika m'gulu la zazing'ono. Kunali chilimwe, anali ouma, ndipo achemwali anati ndi akalekale. Magetsi anabweradi cha m'ma 10 koloko. Tinayesa masoketi onse ndi kababu, n'kupeza awiri akufa.

Titatsiriza tinakhala pakhonde, achemwali natipatsa munkoyo. Mphwathu anayamba kutisonyeza lipoti la mwa zipinda. Linali lokoma kuwerenga, ndipo tinanyada pang'ono. Chipinda chilichonse chinali ndi zophophonya ziwiri kapena zitatu, monga imakhalira nyumba iliyonse yakale. Wowerenga akanati: nyumba yabwino, ingofuna utoto ndi misomali. Kenaka anadina kamodzi, ndipo mizere yomweyo inadzisanja mwatsopano. Pansi pa mutu wakuti denga panasonkhana zinthu zisanu: banga la pabalaza, banga la m'khitchini, utoto wotukuka wa m'kanjira, ndi mabanga awiri a m'kachipinda kakang'ono ka kumbuyo. Titaziona zili pamodzi, tinadzuka osalankhula n'kukayang'ananso. Zonse zinali pa mzere umodzi, kuchokera kutsogolo kwa nyumba mpaka kumbuyo. Mphwathu anaimika makwerero, nalowa m'siling'i ndi tochi. Mzere umenewo ndi pamene denga lakale limakumana ndi denga la mbali imene alamu anawonjezera m'masiku awo. Lata la pokumanirapo linali litadyeka ndi dzimbiri, ndipo mtanda wa pansi pake unali wofewa kotero kuti msomali unkalowa pongokankha ndi chala. Mabanga asanu aang'ono anali nthenda imodzi yaikulu. Tinagonja, mwa zipinda sitikanaiona.

Koma musafulumire kugamula, owerenga, pakuti mmishoni wathu nayenso anali ndi mawu. Mu lipoti la mwa ziwalo, kachipinda ka kumbuyo kaja kanasowa. Kudontha kwake kunapita pa tsamba la denga. Soketi yake yosweka, imene ili pafupi ndi pansi, inapita pa tsamba la magetsi, pakati pa zinzake, yolembedwa kuti ndi vuto lapakati. Zenera lake losatseka bwino linapita pa tsamba la zitseko ndi mazenera. Palibe tsamba limene linanena chimene aliyense woima m'kachipindako akanaona: kuti madzi a dzinja amatsika ndi khoma lomwelo limene pali soketi yosweka, pa msinkhu wa mwana wokwawa, ndipo kachipinda kameneka ndi kamene mphunzitsi anati mudzagona ana ake. Mmisiri amawerenga mwa ziwalo, koma mayi wa ana amawerenga mwa zipinda, pakuti funso lake ndi lakuti: kodi mwana wanga ndimugoneke kuti usiku uno?

Apa ndi pamene tinamvetsa kuti mkangano wathu wa pageti unali wa nthawi ya mapepala. Pa pepala, chimene walemba pansi pa mutu umodzi chakhala pomwepo. Ukafuna dongosolo lina, ulembenso buku lonse. Amene anasungapo kaundula wa ubatizo akudziwa: mayina amalembedwa motsata masiku, koma wodzafuna chikalata patapita zaka 30 amabwera ndi dzina lokha, ndipo ngati palibe amene anakonza mndandanda wa mayina kumapeto kwa buku, tsiku lonse latha. Kompyuta sichita motero. Chopezeka chilichonse imachisunga kamodzi, ngati kakhadi, ndipo pa kakhadiko pali polemba chipinda, polemba chiwalo, ndi polemba kukula kwa vuto. Kusanja kumabwera pambuyo. Chofunika n'chakuti woyendera adzaze malo onse atatu ali pomwepo; akasiya amodzi, kakhadiko kadzasowa pa kusanja kwina, ndipo palibe adzazindikire kuti kasowa. Motero tinagwirizana kuti mphunzitsi alandire zonse ziwiri, pamodzi ndi tsamba limodzi la patsogolo lotchula zazikulu zokhazokha. Nkhani ya kachipinda kaja tinailemba tokha pa tsamba limenelo, pakuti makina sakanatha kulumikiza soketi, khoma ndi mwana.

Tinkayesa kuti tatsiriza. Achemwali, amene anakhala chete nthawi yonseyi akusankha nyemba m'lichero, anafunsa osadzutsa mutu:

"Nanga fumbi mwalemba pati?"

Mphwathu anaseka pang'ono, nati, "Amayi, fumbi si vuto la nyumba, n'la tsache." Koma kuseka kwake kunatha msanga, pakuti iye anabadwira m'nyumba momwemo ndipo anadziwa fumbi limene mayi ake akunena. Malaya ake, chitulukireni m'siling'i muja, anali otuwa mbuu.

Inu a ku Kabwe simufunika kufotokozeredwa, koma magazini ino imafika kutali, choncho tinenepo pang'ono. Miyala ya mtovu ndi zinki inapezeka kuno mu 1902 ndi T. G. Davey, amene anatcha malowa Broken Hill potengera mgodi wina wa ku Australia. Dzinalo linasinthidwa kukhala Kabwe dziko litalandira ufulu. Kwa zaka pafupifupi 90 miyalayo inakumbidwa ndi kusungunulidwa pano, ndipo utsi wa ng'anjo ndi fumbi la milu ya zotsalira zinagwera pa makomboni oyandikana nawo: Kasanda, Makululu, Chowa, Mutwe wa Nsofu ndi ena. Kasanda ndi Makululu ali cha kumadzulo, kumene mphepo imalowera kawirikawiri. Mgodi unatsekedwa, koma mtovu suola. Umakhalabe m'dothi la pamwamba, kuuluka m'chilimwe, kulowa m'nyumba ndi nsapato, kutera pa mawindo ndi pa mbale. Mwana wosewera pabwalo amaika zala m'kamwa, ndipo thupi la mwana limayamwa mtovu wochuluka kanayi kapena kasanu kuposa la munthu wamkulu, makamaka ngati mwanayo sadya mokwanira. Umawononga ubongo umene ukukula, umachepetsa magazi, ndipo nthawi zambiri suonetsa chizindikiro chimene mayi angachione ndi maso. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse, WHO, limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi wodziwika kuti ndi wosavulaza, ndipo limalangiza kuti ukafika pa mamaikulogalamu 5 pa desilita, gwero lake lifunidwe ndi kuthetsedwa. Kafukufuku wa akatswiri a University of Zambia ndi anzawo a ku Hokkaido University ku Japan, amene anafalitsidwa mu 2015, anayeza ana 246 a ku Chowa, Kasanda ndi Makululu. Onse, osatsalako ngakhale mmodzi, anapitirira mlingo umenewo.

Achemwali sanawerengepo kafukufuku ameneyu. Iwo anaphunzira mwa njira ina. Mdzukulu wawo, amene anamulera m'nyumbayi, anayezedwa magazi m'zaka zimene ntchito yothandizidwa ndi World Bank, imene inavomerezedwa mu 2016, inkayeza ndi kupereka mankhwala kwa ana a m'makomboni ano, ndipo anamwino anawauza kuti mtovu wachuluka. Kuyambira pamenepo analeka kusesa pouma. Ankawaza madzi poyamba, m'nyumba ankakolopa ndi nsalu yonyowa, nsapato zinkatsala pakhomo, ndipo ndiwo zamasamba ankadzala m'masaka a dothi lochokera kwina. Koma bwalo lenilenilo linakhalabe dothi losaphimbidwa, kupatula kapinga pang'ono pansi pa mtengo wa mango.

Mphwathu anafufuza m'pulogalamu yake. Munali mutu wa chumuni cha moto wootha, wa galaja, wa makina otenthetsa nyumba, ngakhale wa dziwe losambiramo. Mutu wa dothi la pabwalo munalibe. Sitikuimba mlandu amene anaipanga. Malamulo a oyendera nyumba a ku America amanena poyera kuti woyendera sakakamizidwa kufufuza poizoni wa m'nthaka, m'madzi kapena mu mpweya. Imeneyo ndi ntchito ya akatswiri ena. Kwa iwo mtovu wa pakhomo umadziwika kwambiri ndi utoto wakale, umene unaletsedwa m'nyumba zokhalamo mu 1978, ndipo lamulo limakakamiza wogulitsa nyumba yomangidwa chisanafike chaka chimenecho kuulula zimene akudziwa za utoto wotere. Pulogalamu imafunsa mafunso a dziko limene inabadwira. Fumbi la ku Kasanda silinakwane mwa zipinda, pakuti lili m'zipinda zonse ndi kunja komwe. Silinakwanenso mwa ziwalo, pakuti lilibe mmisiri wake. Lipoti lathu lokongola, lodzaza ndi zithunzi, linali litatchula galasi losweka n'kusiya chinthu chimene chingasinthe moyo wonse wa ana awiri aja.

Fumbilo linakhudzanso denga. Pamwamba pa siling'i linali lokhuthala ngati chala, losonkhana kuyambira masiku amene ng'anjo zinkafuka. Kalipentala wodzasintha mtanda wovunda uja akanagwetsa mabolodi, ndipo zonsezo zikanatsikira pa mabedi ndi m'miphika. Ku Broken Hill wa ku Australia, kumene nakonso ana amayezedwa mtovu m'magazi, anthu amachenjezedwa za fumbi la m'siling'i pamene akukonza nyumba zakale.

Kuwonjezera mutu watsopano m'pulogalamu inali ntchito ya mphindi ziwiri. Chovuta chinali china, ndipo mphwathu ndiye anachitchula, motsitsa mawu:

"Amalume, tikalemba zimenezi munthu uja athawa, kapena atsitsa mtengo. Nanga amayi akamanga ndi chiyani ku Katete? Aliyense ku Kabwe akudziwa za mtovu. Si chinsinsi chathu."

Sitinamuyankhe msanga, chifukwa mawu ake anali ndi choonadi chake. Si achemwali amene anathira mtovu pabwalo lawo. Nyumbayo ndiyo chuma chokha chimene amuna awo anawasiyira pa zaka zonse za kumgodi, ndipo zinatiwawa kuganiza kuti dothi lomwelo limene linavutitsa mdzukulu wawo liwalandenso khonde la ukalamba wawo. Tivomere pamaso panu kuti kwa kanthawi tinafunafuna njira yozembera. Tinaganiza zolemba mawu ofewa pa tsamba lomaliza, m'zilembo zing'onozing'ono, onena kuti wogula afunse a zaumoyo za dera lino. Zikanakhala zoona, ndipo palibe akanaziwerenga. Apa tinaonanso mbali ina ya funso la pageti lija. Kusanja lipoti si nkhani ya kukongola kwa pepala chabe: chimene waika patsogolo wachinena mokweza, chimene waika pa tsamba la 14 wachinong'ona. Ndipo mphunzitsiyo si wa ku Kabwe. Anabwera dzulodzuloli, ndipo anapempha dzina lathu pa pepala chifukwa chenichenicho chakuti sadziwa zimene ife tikudziwa.

Achemwali ndiwo anadula nkhani. Anaika lichero pansi, nati: "Achimwene, lembani pamwamba. Ine pamene ndinkalowa m'nyumba ino panalibe amene anandiuza." Sanawonjezere kanthu, anatola makapu nalowa m'nyumba.

Tinalemba zimene tinaona ndi zimene tinkadziwa, osapitirira. Makina oyezera dothi, aja ogwira m'manja amene akatswiri amaloza pansi n'kuwerenga mlingo wa mtovu nthawi yomweyo, tinalibe, motero sitinalembe nambala iliyonse. Tinalemba kuti nyumbayo ili m'dera limene kafukufuku anapezamo mtovu wochuluka m'dothi ndi m'magazi a ana. Kuti mbali yaikulu ya bwalo ndi dothi losaphimbidwa. Kuti mwana wina woleredwa m'nyumbayo anapezekapo ndi mtovu wochuluka. Ndiponso kuti m'siling'i muli fumbi lakale limene lisagwetsedwe ana ali m'nyumba. Tinalangiza kuti dothi liyezedwe, bwalo liphimbidwe ndi dothi labwino lochokera kutali, kapinga kapena simenti, ndipo ana akayezedwe magazi asanalowe ndi pambuyo pake. Tsamba loyamba linakhala ndi zinthu zitatu: fumbi, denga, ndi kachipinda ka ana. Tinasaina pansi pake.

Mphunzitsi anakhala masabata awiri osayankha. Masabata amenewo mphwathu sanatiimbire foni, ndipo ifenso tinkazengereza kudutsa ku Kasanda. Kenaka anabwera ndi mkazi wake. Mayiyo sanalowe n'komwe pabalaza. Anazungulira bwalo lonse ali ndi tsamba loyamba m'manja, mwana ali kumsana, osamutsitsa. Anafunsa achemwali mafunso ambiri, ndipo awiriwo anakhala nthawi yaitali pansi pa mango akulankhulana chapansipansi, pamene ife amuna tinkayang'ana mtanda wovunda. Pomaliza anati nyumba aigula, pakuti za kumadera akutali ndi mgodi sangazikwanitse, ndipo pa nyumba ya lendi imene ankakhala, ku komboni yoyandikana, bwalo linali dothi lomwelo popanda amene anawauzapo kanthu. Koma anapempha kuti pa mtengo pachotsedwe ndalama za denga ndi za kuphimba bwalo. Achemwali anavomera za bwalo zonse, za denga theka.

Malonda anatha mu Januwale 2025, ndipo achemwali anasamuka mvula itatha, mu Epulo. Denga ndi bwalo zinakonzedwa mu Meyi, banja la mphunzitsi lisanalowe. Mphwathu ndiye anayang'anira ntchitoyo. Mabolodi a siling'i anawatsitsa limodzilimodzi atawawaza madzi, amisiri atavala zotseka pakamwa ndi mphuno, ndipo nyumba yonse inakolopedwa kawiri. Kutsogolo anathira simenti, kumbuyo dothi latsopano ndi kapinga. Mu Okutobala chaka chomwecho tinakawayendera achemwali ku Katete. Kanyumba kawo kanali ndi zipinda ziwiri monga anafunira, koma khonde panalibe. Pamene panayenera kukhala khondelo anaikapo mpando ndi mphasa, mu mthunzi wa khoma, ndipo anatiuza kuti njerwa zake adzaumbitsa mtedza ukachita bwino.